Makina Amene Ndinawayesa Chidole

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse amene mumawerenga zomwe ndimalemba pano, a kuno ku Dowa, a ku Ntchisi, ndi inu amene muli kutali ndi kwanu. Lero sindinabwere ndi zithunzi za mawilibala okonzedwa monga mwa masiku onse. Ndabwera ndi umboni wa sitiroko imene inandifooketsa dzanja lamanja, ndi mmene Mulungu anandigwirira pamene ndinali pafupi kusamutsidwa pakhomo panga.

Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo ndimakhala ndi mkazi wanga Nabanda kumapiri akuno, komwe Dowa akupatsana moni ndi Ntchisi. Kuwotcherera zitsulo sindinakuphunzire kusukulu, ndinangokukonda. Anzanga opuma ntchito ena anatengeka ndi bawo, ena ndi mpira wa pa wailesi, koma ine mtima wanga unagwera pa fungo la chitsulo chopsa. Chigafa chakale cha fodya ndinachifolera ndi malata n'kuchisandutsa malo anga ogwirira ntchito. Anthu ankabwera ndi makasu othyoka, njinga, zitseko za khola, ndipo ine ndinkalumikiza mosangalala. Nabanda ankati ndinakwatira mitala, mkazi wamng'ono ndi chigafacho.

Makina anga oyamba anali aja opangidwa ndi amisiri a pa Mponela, mawaya okulungidwa m'chibokosi cha matabwa. Ankalemera koti powasuntha ndinkayamba ndaitana achinansi. Ndikangowayatsa, mababu a nyumba zoyandikana nafe ankachita ngati akusinza, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti aphunzitsi ayamba. Ndinkawanyadira kwambiri, chifukwa kwathu kuno tonse timadziwa kuti makina owotcherera amphamvu amaoneka ndi kulemera kwake.

Sitiroko inandipeza m'mawa wina ndikumwa tiyi. Kapu inangogwa yokha, pakamwa n'kupotoka, ndipo ndinatsitsimukira m'chipatala ku Mtengowanthenga. Mulungu ndi wabwino, mawu anabwerera, mwendo unayamba kuyenda, koma dzanja lamanja linatsala lofooka ndiponso lonjenjemera. Nditabwerera kunyumba ndinadikira kuti Nabanda apite kudimba, ndipo ndinazemba kulowa m'chigafa. Amene munaonapo kuwotcherera ndi ndodo mukudziwa kuti dzanja lamanzere limagwira chotchingira maso, lamanja n'kumakhwatcha ndodo pachitsulo ngati machesi. Moto ukayaka, uyenera kuisunga ndodoyo pamtunda womwewo kwinaku ikufupika. Ine ndodo inkangomatirira pachitsulo, ndikaizula n'kumatiriranso, makina n'kumangolira. Ndinakhala pansi pa thumba la makala ndipo ndinalira ngati mwana, sindichita manyazi kunena.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka munthu wa pakhonde. Chakudya sichinkakoma, kutchalitchi ndinkapita chifukwa chokokedwa, ndipo amene ankabwera kudzandizonda ndinkawayankha mawu amodziamodzi. Mwana wathu wamkulu Tiyamike, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, atandiona sanachedwe kugamula. Anati bambo akutha ndi maganizo, ndiye chimanga chikangolowa m'nkhokwe adzabwera ndi galimoto kudzatitenga tonse awiri, tizikakhala kwa iye. Ankanena mwachikondi. Koma ine ndimaidziwa nyumba yake, mpanda wa njerwa mbali zonse, geti lokhoma, ndi wailesi ya kanema yolankhula tsiku lonse. Ndinaona kuti kumeneko ndikangokhala wodikira tsiku langa.

M'mawa wina ndinagwada m'chigafa muja movutikira, ndipo pemphero langa silinali lokongola. Ndinati Ambuye, dzanjali munalenga ndinu, ngati simulibweza ndiye mundipatse njira ina, koma musandichotse pano. Ndinadzuka dzanja likunjenjemera chimodzimodzi, ndipo ndinapita kukamwa phala.

Yankho linandipeza pa benchi ya kuchipatala, tsiku la mafizo. Pambali panga panakhala bambo wina wa ku Bowe, a Mbewe, amenenso sitiroko inawagwira kale. Ankafinya kampira m'manja kwinaku akuseketsa anamwino. Ndinaona timabala ta moto pa mikono yawo ndipo ndinawafunsa ngati anali owotcherera. Iwo anaseka n'kunena kuti, "Anali? Aphunzitsi, dzulo lomweli ndamaliza ngolo ya mlamu wanga." Ndinawayang'ana dzanja, linkanjenjemera kuposa langa.

A Mbewe anandifotokozera kuti masiku ano kuli makina amodzi ochita njira zingapo. Njira yoyamba ndi ya ndodo imene tonse tinazolowera. Yachiwiri, imene amati migi, ndi ya waya wotuluka wokha m'kamfuti ukangodina kabatani, ndiye palibe zokhwatcha kapena zotsatira ndodo yofupika. Yachitatu, tigi, ndi ya zitsulo zopyapyala, ndipo imafuna gasi ndi manja okhazikika. Ananditchuliranso chipewa chovala kumutu chimene galasi lake limada lokha moto ukangoyaka. Apa m'pamene mtima wanga unadumpha, chifukwa ndinazindikira kuti dzanja lamanzere likamasuka likhoza kumagwirizira lamanja. Tisanasiyane anandipanikiza kuti ndikagule makina olola waya wopanda gasi, uja wokhala ndi mankhwala ake m'kati. Anati gasi ali kutali ku Lilongwe, komanso mwera wa kumapiri kwathu umauluza gasiyo asanateteze chitsulo, msoko n'kutuluka wa mabowomabowo.

Nabanda nditamuuza sanafunse zambiri. Anangoti bola ndione mano anu akuonekeranso. Makina akale aja tinawagulitsa kwa owotcherera ena a pa Mponela, tinawonjezera ndalama za mtedza wa chaka chimenecho, ndipo tinakwera minibasi ya ku Lilongwe pa Dowa Boma. Tiyamike sitinamuuze kuti tili m'tauni, tinadutsa ngati akuba.

M'sitolo ya makina owotcherera ndinatsala pang'ono kutaya dalitso langa ndi manja anga omwe. Wogulitsa ananditulutsira makina a njira zitatu, kabokosi kofanana ndi kasutikesi ka mwana wa sukulu yogonera konko. Ndinakanyamula ndi dzanja lamanzere, kananyamuka mosavuta, ndipo nthawi yomweyo ndinakabweza. Ndinamuuza mnyamatayo kuti sindinabwere kudzagula wailesi, andionetse makina enieni. Pakona panali chimakina chachikulu cha ndodo zokha, cha matayala, ndipo nditachikankha osasuntha mtima wanga unati eya, ichi ndiye chitsulo. Ndinayamba kuchisisita ngati ng'ombe ya pamsika, zonse za a Mbewe zitauluka m'mutu.

Amene anandipulumutsa ndi Nabanda, munthu woti sanagwirepo ndodo yowotcherera chibadwire. Anandikoka malaya n'kunena chapansipansi kuti, "Bambo ake Tiyamike, kodi tabwera kudzagula kulemera kapena tabwera kudzagulira dzanja lanulo? Cholemera tinali nacho, chinakuthandizani chiyani?" Ndisanamukalipire, iye anatembenukira kwa wogulitsa n'kupempha kuti ayatse kabokosi kaja ndiyese ndekha.

Anatitengera kuseri kwa sitolo, anandiveka chipewa chija, n'kundiikira tizitsulo tiwiri patebulo. Ndinagwira kamfuti ndi manja onse awiri, chigongono nditatsamiritsa patebulo, ndipo ndinadina. Abale anga, moto unayaka nthawi yomweyo, galasi linada lokha, ndipo ndinaona chitsulo chikusungunuka bwinobwino patsogolo panga. Ndinakoka pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Msokowo unali wokhotakhota ngati njira ya mbuzi, koma wogulitsa ataumenya ndi hamala sunathyoke. Ndinavula chipewa misozi ili mbwee, ndipo Nabanda anayamba kululutira m'sitolo ya eni ake.

Nditakhazika mtima pansi, uphunzitsi unabwerera ndipo ndinafunsa mafunso onse. Ndinafunsa ngati amalola waya wopanda gasi, ngati wayayo ndi timilomo ta kamfuti zimapezeka mosavuta, ndiponso ngati angapirire magetsi ofooka a kwathu. Ndinafunsanso kuti amagwira nthawi yotalika bwanji asanafune kupuma, ndipo yankho lake linandikwanira, pakuti inenso masiku ano ndimapuma kawirikawiri. Panali ena okulirapo, a mabatani ambirimbiri, koma ndinaona kuti munthu wokonza makasu ndi mawilibala sakuwafuna. Tinagula kabokosi kaja n'kubwerera pa minibasi makinawo ali pamiyendo panga, ndipo kondakitala sanadziwe n'komwe kuti ndi katundu.

Kunyumba tsiku loyamba zinandivuta, moto unkangothetheka, waya n'kumalavula timibulu paliponse. Ndinaimbira foni a Mbewe mtima uli m'mwamba. Iwo anaseka mpaka kutsokomola, n'kundiuza kuti pa waya wopanda gasi zingwe ziwiri za kutsogolo zimasinthanitsidwa malo. Nditasintha, makina anayamba kulira bwino ngati nyama pa chiwaya. Ndinayamba ndi khasu la Nabanda, kenako mpando wa njinga ya mbusa, ndipo mbiri inamveka kuti aphunzitsi adzuka. Achinansi okha ndiwo anadandaula kuti mababu awo sakusinzanso, ndiye sakudziwa nthawi yobwera ndi zothyoka zawo.

Chimanga chitalowa m'nkhokwe, Tiyamike anafikadi ndi galimoto yake monga ananenera. Sanandipeze pakhonde. Anatsata phokoso mpaka kuchigafa, ndipo anandipeza nditavala chipewa, ndikulumikiza zitsulo zogwirira pokwera masitepe a kutchalitchi kwathu, kuti okalamba ndi odwala ngati ine asamavutike. Anaima pakhomo n'kumaonerera. Nditazimitsa makina anabwera n'kugwira dzanja langa lamanja, analiona likunjenjemerabe, kenako anayang'ana msoko, n'kuyang'ananso nkhope yanga. Ndinaona maso ake atadzaza, ndipo inenso mantha anandigwira, chifukwa mwana ameneyu akagamula chinthu sabwerera.

Anatuluka n'kuitana mayi ake amene ankasola mtedza pabwalo. "Amayi, katundu uja masulani, bambo sakupita kulikonse." Nabanda sanadzutse n'komwe mutu. Anati, "Katundu wake uti? Ine sindinamange ngakhale supuni." Tinaseka tonse atatu mpaka nkhuku zinabalalika, ndipo Tiyamike anabwerera ku Lilongwe ndi thumba la mtedza m'malo mwa makolo ake.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero losakonzeka la m'chigafa. Ndikuthokoza a Mbewe, amene tsopano ndi mbale wanga, ndi anamwino a mafizo amene sanatope nane. Ndikuthokoza Tiyamike chifukwa cha chikondi chake, ndi Nabanda chifukwa chondikoka malaya pa nthawi yake. Dzanja langa silinachire, sindikunamizeni, ndipo njira yachitatu ija ya zitsulo zopyapyala sindinaiyesebe. Ndinapempha dzanja kapena njira ina, ndipo Ambuye anasankha kundipatsa njira ina.

Inu amene matenda akukhazikani pakhonde, musafulumire kunena kuti zanu zatha. Pempherani ngakhale mawu ake akhale osalongosoka, pitani ku mafizo, ndipo muzicheza ndi amene mwakhala naye pa benchi. Ine ndidakali pano pakhomo panga, kumapiri kwathu. Amene muli ndi khasu lothyoka bwerani nalo, kupatula Lamulungu.