Ananditchula alamu pachigayo

Linali Loweruka m'mwezi wa Julayi, ndili pamzere pachigayo ku Bangwe ndi chimanga cha amayi. Ndinali Fomu 3, wamanyazi kwambiri. Ndinkakonda mnyamata wina wa m'kwaya ya kutchalitchi kwathu, koma ndinali ndisanayankhulepo naye. Mnzanga wapamtima ndiye ankanditengera mawu, n'kumabwera ndi yankho limodzimodzi: "Akuti udikire kaye, anthu angadziwe."

Tsikulo mnyamatayo anatulukira pachigayopo. Anamwetulira n'kunena kuti, "Alamu, muli bwanji? Mnzanu uja mwamusiya kuti?"

Omvera anzanga, mukudziwa kuti mnyamata amati alamu kwa mnzake wa chibwenzi chake. Ndinangoti, "Ali kunyumba."

Madzulo ndinamufunsa mnzangayo. Anaseka osandiyang'ana. "Iwenso, ndi wanthabwala ameneuja." Koma ndinakumbukira kuti mnzangayu, yemwenso ankaimba m'kwayamo, sankafuna kuti ndizimuperekeza kukwaya.

Mwina ndinkamuganizira zoipa pachabe, ndipo ndinkaopa kutaya mnzanga. Komabe ndinatsimikiza mtima kuti mawa lake, tikatuluka mu Misa, ndikamufunse ndekha mnyamatayo ngati mawu anga anamufikapo.