Zolemba Kumsana kwa Jekete

Pamzere wa ofuna ganyu pageti la fakitale, dzuwa lili paliwombo, mkulu wina wa magalasi anagwira phewa la bambo wovala jekete yachikopa amene anali patsogolo pake.

"Achimwene, zalembedwa kumsana kwanuzi mumazidziwa?"

"Ndinangotola pa kaunjika ine. Zikuti chiyani?"

"Desperado. Mawu ochokera ku Chisipanishi amenewa. Poyamba ankanena munthu wotaya mtima. Kenako anthu anayamba kutchulira zigawenga, poti wotaya mtima saopa mfuti kapena ndende."

"Ana anga amandiseka nayo."

"Kwa achinyamata ndi munthu wovomera chilichonse, kaya ntchito, kaya chibwenzi, bola chapezeka."

Wajeketeyo anapuma mozama. Linali tsiku lake lachisanu ndi chinayi pamzerepo.

"Ndiye pa zitatuzo kapitawo uja amawerenga chiti? Akafika pa ine amandidumpha ngati chithaphwi."

"Ameneyo amaona chigawenga basi. Inu vulani, muipinde asanatuluke."

Bamboyo anayang'ana kugeti, nakoka zipi mpaka m'khosi.

"Akulu, mukuyesa dzuwa lonseli sindikulimva? M'katimu mulibe malaya."