Khadi la Pa Santigie

Ine, Yabom Kanu, wa zaka 52, wokhala ku Tombo, wowamba nsomba, ndikupereka umboni uwu pamaso panu, bwana:

Malemu Santigie Kabia, amene aliyense ankawatcha Pa Santigie, anali amuna anga. Ankayendetsa boti la injini lonyamula anthu kupita ku Shenge kuyambira ndisanabereke mwana woyamba. Chaka chino kunabwera lamulo loti wopanda khadi la chitetezo asagwire injini. Mwini boti anawauza kuti akapanda kulipeza, botilo alipereka kwa wina.

Amuna anga sankadziwa kusambira. Anakulira kumtunda, nyanja anaidziwira m'boti. Amene ankadziwa zimenezi ndine ndekha.

Maphunziro a khadilo ankachitikira padoko, ndipo ankatha Lachinayi. M'mawa wa tsikulo ndinali pomwepo, ndikugula nsomba. Wophunzitsa, Bambo Decker, anali atakhalira mulu wa majekete oyandamitsa munthu, uku akudya mtedza. Majeketewo anali adakali m'mapulasitiki, atamangidwa ndi chingwe, ati kuti asade.

Bambo Decker anati, "Musanalandire makhadi, aliyense asambire akakhudze chigubu icho." Chigubucho chinkayandama mamita ngati 30 kuchokera padoko, madzi akuphwera n'kukokera mkati mwa nyanja mwamphamvu. Anyamata analumphira m'madzi, n'kubwerako. Amuna anga anatsala okha ali chivalire malaya.

"Madala, mukudikira kuti madzi afunde?" anatero Bambo Decker. Anthu anaseka.

Amuna anga anati, "Mwana wanga, ndibwerekeko jekete imodzi."

"Ndidzuke chifukwa cha inu? Ndiye kuti zaka zonsezi anthu akhala akuyendetsedwa ndi mwala?"

Ndinafuula kuti sadziwa kusambira. Apo ndiye anthu anafa nalo phwete. Amuna anga anandiyang'ana kamodzi, anavula malaya, kuwapinda bwinobwino, n'kulumpha.

Anavuuka kawiri. Anthu anawomba m'manja, ankayesa sewero. Nditayamba kukoka majekete aja, Bambo Decker anandimenya dzanja n'kunena kuti, "Mayi, ameneyu ndi katundu wa ofesi." Pamene Bambo Decker ankadzuka pamajeketepo, amuna anga anali atamira, ndipo mfundo ya chingwe inakana kumasuka.

Asodzi ali mkati mofunafuna mtembo, Bambo Decker anatulutsa makhadi m'thumba la malaya n'kuyamba kuitana mayina. Onse anali osindikizidwa kale, deti lake Lachitatu. Woyendetsa boti wina anafunsa ngati kusambira kunali pa mayeso. Iwo anayankha kuti, "Ayi, kuja kunali kungokometsa tsiku."

Atafika pa dzina la amuna anga anandipatsira ine khadi lawo, amvekere, "Muwasungire, anakhoza." Munthu ameneyu ndimadana naye, bwana, zimenezonso mulembe.

Mtembo unapezeka madzulo, utakodwa m'mizu ya mitengo ya m'mphepete mwa nyanja. Khadilo ndi ili, ndalisiya patebulo panu. Silinanyowe.

Zomwe ndikudziwa zathera pamenepa.

Wosayina: Yabom Kanu