Thumba la Chimanga Lopita ku Chipatala

Anandiuza nkhaniyi ndi a Bashir, okonza njinga pa Ulongwe. Akuti amayi awiri osadziwana anakumana pasiteji, mmodzi atasenza thumba la chimanga.

"Chigayotu mwachipitirira, mayi."

"Iyayi, ndikupita kuchipatala akandiyeze khansa ya khomo la chiberekero. Bambo akunyumba amakaniza, ati mkazi wawo asavulire alendo. Koma kuchigayo sandiletsa."

"Nanga mukabwerera nacho chosagaya?"

"Ndikangoti magetsi anathima. Alipo angatsutse?"

Winayo anayang'ana uku ndi uku.

"Lalemeratu thumbali, achemwali. Tiyeni ndikuthandizeni kusenza. Anganso amakaniza."

A Bashir amalumbira kuti thumbalo lafikitsa amayi khumi kuchipatala, chimanga chosagayabe. Apo pokha ine ndikukayika: anankafumbwe akanachisiya?