Dokotala wa pa Foni Anandifunsa za Nyerere

Moni abale ndi alongo, moni amayi anzanga a kunyanja kuno, moni nonse amene mawu awa akupezeni! Ndine Agnesi wa kwa Makanjira, gogo wa zidzukulu zodzaza bwato. Sukulu ndinalekera sitandade 2, ndiye mukaona chilembo chapendama, chiwongoleni nokha. Ine ndabwera kudzaimba za mwendo wanga uwu, mwendo umene unatsala pang'ono kudulidwa, koma lero ukuvina.

Zinayamba ngati masewera. Ndinali pa thandala kuyanika usipa, munga wa nsomba n'kundibaya kachala kakang'ono ka phazi lamanzere, ine osamva n'komwe. Ndinangoona magazi pa patapata. Sabata inatha, mwezi unatha, bala osapola. Linayamba kununkha, zidzukulu n'kumakhala patali. Thupi linayamba kutha, chitenje kumangomasuka chokha m'chiuno. Nanga ludzu, abale, ludzu! Akanandipatsa nyanja yonseyi ndikanaimaliza.

Mukudziwa kuti kwathu kuno wodwala sazondedwa chimanjamanja. Amayi a ku tchalitchi ankabwera ndi shuga, ena nzimbe, ena botolo la zotsekemera, amvekere, "Imwani mayi, mupeze mphamvu." Ine kumwa. Tiyi wa masupuni anayi, ine kumwa. Chikondi chawo chinali chenicheni, koma mphamvu osabwera.

Ndipo panali chinthu china chimene sindinauze munthu, ngakhale mwana wanga wamkazi. Kubafa, pamalo pamene ndataya madzi, nyerere zinkasonkhana bii. Ndikakokolola, mawa zabweranso. Ndinati basi, ndaponda mankhwala a munthu, nyererezi zatumidwa kudzandidya ndili moyo. Nanga nkhani yotere mayi wamkulu angaiyambe bwanji pakamwa? Ndinaimeza.

Chimene chinandiswa mtima chinachitika Lamulungu lina. Anzanga akupita kuguwa kukagwada kuti alandire Mgonero, ine phazi litatupa ngati dzungu, kuponda osatheka. Abambo ansembe anachita kundibweretsera pa benchi. Chiyambire utsikana wanga ndinali ndisanalandirepo nditakhala pansi ngati mlendo. Ndinalira chamumtima, ndinati, Ambuye, mwendo uwu munaumba ndinu, ndikupemphani chimodzi chokha, mundilole ndidzagwadenso pamaso panu.

Kuchipatala chathu chaching'ono anesi ankanditsuka balalo, koma tsiku lina anapukusa mutu. Anati izi zafunika dokotala. Dokotala ali ku boma, ndipo msewu wathu mukuudziwa, munthu wamoyo amafika atadwala. Anesiwo anati masiku ano Lachitatu lililonse dokotala amaona odwala pa foni, iye ali komweko, ife tili konkuno. Pa benchi panja anthu anaseka. Bambo wina anati, "Dokotala wosakugwira angadziwe chiyani? Imeneyo ndi filimu!" Mayi wina anati chithunzi chako cha bala chidzayenda m'mafoni a dziko lonse. Inenso ndinagwirizana nawo. Ndinakulira m'masiku amene dokotala ankakugwira pamimba, kukumvetsera pamtima, kenako jakisoni. Ndinatenga ndodo yanga, ulendo kunyumba. Lachitatu linadutsa, linanso linadutsa, kachala kaja kanayamba kuda.

Koma taonani mmene Mulungu amatumira anthu ake! Sanatume wa ku tchalitchi kwathu ayi. Anatuma Abiti Musa, mnzanga wachisilamu amene timayanika naye usipa. Anafika m'mawa wa Lachitatu lotsatira, osakhala n'komwe pa mkeka.

"Achemwali, inu mumapemphera kwa Mulungu amene simunamugwirepo dzanja, ndiye mukukana dokotala chifukwa ali patali? Walahi, mukapanda kudzuka ndikuberekani kumbuyo ngati khanda, mudzi wonse uone!"

Ndinadzuka. Njinga yamoto inali itaima kale panja.

Anesi anatenga foni yaikulu ngati buku la nyimbo, n'kuiimika pawindo pamene netiweki imagwira. Mwadzidzidzi nkhope ya munthu m'galasimo, mtsikana wa mandala, wochepa kwa mwana wanga womaliza. Anandipatsa moni mwaulemu, "Mwadzuka bwanji anganga?" Ine phazi ndinali nditaliphimba ndi chitenje. Ndinamufunsa kuti mwanangu, mundiona bwanji muli m'galasi? Iye anaseka n'kunena, "Maso ndi anga, anganga, manja ndi a anesiwo. Tithandizana."

Anesi anayandikizitsa foni pa bala. Kenako anandiuza kuti nditsinzine, n'kumandikhudza pansi pa phazi ndi kachingwe kolimba. Mukumva? Ayi. Apa? Ayi. Dokotala anafunsa za ludzu, ndinavomera. Anafunsa za kuwonda, ndinavomera. Kenako anatsitsa mawu.

"Anganga, ndikufunseni chinthu, musachite manyazi. Pamene mwataya madzi, nyerere zimabwera?"

Abale inu! Chinsinsi changa cha kubafa, chimene sindinauze mwana wanga, chimene sindinauze abambo ansembe, chikutuluka m'kamwa mwa mtsikana amene ali kutali, ulendo wa tsiku lonse pa lole! Ndinayang'ana Abiti, Abiti ali kukamwa yasa. Ndinafunsa dokotalayo kuti wakuuzani ndani.

"Palibe wandiuza. Nyererezo sizinatumidwe ndi munthu, zikutsata shuga amene wachuluka m'thupi mwanu."

Anesi anandibaya kachala ka kudzanja, kadontho ka magazi n'kukaika pa kamakina, n'kuonetsa nambala ku foni. Nkhope ya dokotala inasintha. Anati mawa lomwe ndikwere galimoto ndipite ku boma, osati sabata yamawa, chifukwa ndikachedwanso mwendo udzadulidwa pa bondo. Ndipo anati tiyi wa shuga, nzimbe ndi zotsekemera zilekeke tsiku lomwelo. Abiti anagwira pakamwa, "Kalanga ine, paketi ya shuga ya dzulo ija ndinabweretsa ndine!" Tinaseka misozi ili mbwe.

Ulendo wa pa lole sindiufotokoza, mafupa anga akuukumbukira. Koma nditafika ku chipatala chachikulu dzina langa linali litafika kale, palibe anandibweza. Kachala kakang'ono kaja anakachotsa, kanali katafa. Mwendo unatsala. Mwendo unatsala, abale! Tsiku lina ndili pa bedi ndinaona kamunthu kafupi ka mandala kakubwera, ndi dokotala wa m'galasi uja. Anandigwira paphewa n'kunena, "Lero ndakugwirani, mwakhulupirira tsopano?" Ndinati mwanangu, ine ndinakhulupirira kale pa nyerere paja.

Lero mankhwala ndikumwa tsiku ndi tsiku. Mwezi uliwonse ndimapita kuchipatala chathu chaching'ono, kukaonetsa phazi langa pawindo paja, popanda lole, popanda fumbi. Kubafa kuli mbee, nyerere zinasamuka. Amayi a ku tchalitchi akabwera kudzandiona amanyamula therere ndi nsomba. Ndipo ndikapeza anthu pa benchi akunena kuti dokotala wa pa foni ndi filimu, ndimavula patapata n'kuwaonetsa phazi langa. Ena amalowa, ena amazengerezabe. Sindiwaseka, poti inenso ndinataya kachala chifukwa cha kuzengereza komweko.

Ndimadabwa mpaka pano. Ine ndinkadikira kuti yankho lidzabwera ndi manja, Mulungu n'kulitumiza mumlengalenga, kudutsa mapiri ndi madzi, n'kudzatera pawindo la anesi. Ndithokoze Iye, ndithokoze Abiti Musa wa pakamwa pakuthwa, ndithokoze anesi ndi mtsikana wa mandala uja. Inu amene mukubisa matenda chifukwa cha manyazi, inu amene mukuti wakutali sangandidziwe, musataye mtima ndipo musachedwe ngati ine. Pitani mukalankhule.

Lamulungu lapitali ndinasiya ndodo pa benchi. Ndinayenda ndekha mpaka kuguwa, pang'onopang'ono, tchalitchi chonse chili zii. Ndinapinda bondo ili, ndinapinda linzake, ndinatambasula manja. Zala za kumapazi zisanu ndi zinayi, koma ndinagwada. Aleluya, ndinagwada!