Njiwa Ziwiri za Chaka Chatha

Pamzere m'sitolo ya zakudya zakwathu ku Etobicoke, kutsidya kwa nyanja, Sungeni anafunsa wogulitsa ngati ali ndi njiwa. Wogulitsayo anapukusa mutu, koma bambo wina waimvi amene anali kumbuyo kwa Sungeni anamuyankha m'Chinyanja cha ku Chipata.

"Njiwa sagula, mama. Amachita kusaka."

"Kunoko? Kapena mukunena nkhunda za pansi pa mlatho zija?"

"Aa, zodya tchipisi zija? Iyayi. Njiwa zenizeni zili kuminda, kuseri kwa Oshawa, akangokolola tirigu. Umabisala pansi pa mtengo wouma pafupi ndi madzi, dzuwa likapendeka zimabwera zokha. Ine chaka chilichonse ndimapitako ndi mfuti yanga."

"Ndiye simungapiteko Loweruka likubwerali?"

"Mu Juni muno? Zili pamazira. Lamulo likuletsa, ndipo ngakhale likanalola, ine sindikanatero. Dikirani Seputembala."

Sungeni anazolika.

"Ndi bambo anga. Ali m'chipatala ku Hamilton, chakudya chilichonse akungokankha. Dzulo anandiuza kuti, 'Mwanawe, kanjiwa kootcha kokha, kothira mchere.'"

"Seputembala amupeza?"

"Madokotala sakulonjeza."

Bamboyo anatula dengu lake pansi.

"Mufiriji mwanga muli ziwiri za chaka chatha. Ndimasungira mdzukulu wanga, koma akangoziona amathawa. Tiyeni mukatenge. Musakaike tomato ayi. Makala ndi mchere, basi."

"Imodzi ikwana, bambo. Sangamalize n'komwe."

"Mutenge zonse. Inayo mukadye inuyo, pambali pa bedi lawo. Wodwala sadya yekha, mwana wanga."