Mbama Imene Ndinamenya Tadala M'munda wa Maluwa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Lisungwi. Ine ndine mayi a Tadala. Ndikufuna ndikuuzeni za manyazi amene ndinayenda nawo chifukwa cha mwana wanga, ndi mmene Mulungu anationera.

Tadala anafika zaka ziwiri ndi theka osatchula ngakhale mawu amodzi. Ukamuitana sankacheuka, ukamuletsa chinthu ankangopitiriza. Akayamba kukuwa pakati pa ulaliki, amayi anzanga ankandiyang'ana cham'mbali, ndipo apongozi anga ananena poyera kuti ndikumusasatitsa mwanayo. Ndinasiya kupita naye pagulu. Pemphero langa linali loti Ambuye amuchotse mwano, chifukwa ndinkaona kuti ndi mwano basi.

Pa tchuthi cha Khirisimasi alamu anga, amene amagwira ntchito ku Zomba, anatiitana kuti tikaone munda waukulu wa mitengo ndi maluwa kumeneko. Tinapita tonse, ndi apongozi omwe. Malowo ndi okongola, nsungwi zazitali, kapinga wometedwa bwino, kamtsinje kodutsa pakati. Ine sindinkaona zimenezo, maso anga anali pa mwana kuti asandichititse manyazi.

Tikuyala zitenje kuti tidye, Tadala anapulumuka n'kuthamangira kumtsinje. Ndinakuwa dzina lake, bambo ake nawonso anakuwa, iye osacheuka. Ndinamugwira ali pamwala woterera, phazi limodzi lili kale m'madzi. Mantha ndi mkwiyo zinandikwera pamodzi, ndipo ndinamumenya mbama pamaso pa anthu onse. Apongozi anangoti, "Si izi ndimanena ine." Ndinangoti zyoli, mwana akulira m'manja mwanga.

Chapafupi panakhala mayi wina wachikulire ndi mwana wake wamkazi, ndipo ankayankhulana ndi manja. Tadala atatonthola, mayiyo anabwera nati, "Pepani amayi, ndiloleni ndiyese kanthu." Anaima kumbuyo kwa mwana n'kuwomba m'manja mwamphamvu pafupi ndi khutu lake. Ine ndinadzidzimuka, koma Tadala sanaphethire n'komwe. Mayiyo atamukhudza paphewa, mwanayo anatembenuka nthawi yomweyo.

"Mwanayu si wamwano," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Sakukumvani. Wanga uyu ndinamukalipira nthawi yaitali ndisanadziwe."

Manyazi oyamba aja anali aang'ono poyerekeza ndi amene anandigwira pamenepo. Ndinakumbukira malungo aakulu amene Tadala anadwala ali wakhanda. Ndinayang'ana zala zanga zili dindike patsaya lake, ndinakhala pansi pakapinga n'kulira. Chakudya chinabwerera osadyedwa. M'galimoto apongozi anamutenga mwana n'kumuika pamiyendo pawo mpaka kunyumba.

Titabwerera kwathu tinapita naye kuchipatala, ndipo anatitumiza ku Blantyre. Atamuyeza anapeza kuti amamva pang'ono chabe, namupatsa tizipangizo tovala m'makutu. Sindinama kuti zonse zinatha. Mawu ake amatuluka movutikira, ndipo tonse pakhomo tikuphunzira kuyankhula ndi manja. Amene anagwira msanga ndi apongozi, moti masiku ano awiriwo amaseka nkhani zawo ine osazitola. Mwana wanga ndimapita naye kulikonse, ndipo akakuwa m'tchalitchi ndimangomunyamula n'kupitiriza kuimba.

Ndinkapempha Mulungu kuti asinthe mwana, koma Iye anatumiza mlendo kudzanditsegula maso ine. Ndikumuthokoza chifukwa anamugwira Tadala pamwala paja, ndiponso chifukwa sanandisiye mu umbuli wanga. Inu amene mwana wanu akunenedwa ndi anthu, musataye mtima, ndipo musathamangire ndodo. Pempherani, kenako mupite naye akamuone achipatala.

Mayi uja sindinamufunse dzina ngakhale kumene amachokera, misozi inandiiwalitsa. Ngati mawu awa angakufikeni, amayi, dziwani kuti ku Lisungwi kuli nyumba imene imakutchulani m'pemphero. Ambuye akudalitseni nonse.